KODI MAINA A AMTENGATENGA ALI KUTI?

Abale anga, anchito anzanga, inu a ku migodi ya ku Joni, inu a m'mapulazi a ku Zimbabwe, inu a ku Kitwe ndi ku Ndola, ndi inu amene tiri pamodzi kuno ku Dar es Salaam, ndikulemberani ndiri ku Ilala, ndipo nkhani yanga ndi ya mapepala akale. Ndidziwa kuti ena mwa inu mudzati, "Uyu wayamba za ophunzira, ife tifuna za malipiro." Tandimverani kufikira kumapeto, ndipo mudzaona kuti nkhani ya mapepala ndiyo nkhani ya malipiro yomwe.

Aliyense amene anafikako ku Dar es Salaam adziwa Kariakoo. Amai athu a malonda amakwera basi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, naoloka pa Songwe, kudzagula nsaru ndi nsapato pamenepo. Koma ndi angati amene anafunsapo kuti dzina limeneli linachokera kuti? Si Chiswahili ai. Ndi mau a Chingerezi akuti Carrier Corps, amene lilime la anthu linawapinda. Angerezi atalanda mzinda uno kwa Ajeremani mu September 1916, anaika pamalo pamenepo msasa wa anthu osenza katundu wa nkhondo, amene kwathu tinkawatcha amtengatenga. Munthu amene ayendapo lero ndi thumba lake la malonda aponda pamene anagona anthu odikira kusenzetsedwa mabokosi a zipolopolo ndi matumba a ufa, kumka ku tchire kumene ambiri sanabwerereko.

Mukachoka ku Kariakoo kutsikira cha ku doko, pa mphambano ya miseu ya Samora ndi Azikiwe, mudzapeza fano la mkuwa la msilikari wakuda atagwira mfuti. Analiimika m'chaka cha 1927. M'mbali mwa chipilala chake muli zithunzi za asilikari ndi za amtengatenga, ndi mau owayamika. Ine ndachizungulira chipilala chimenecho kambiri kufunafuna chinthu chimodzi, ndipo sindinachipeze: palibepo dzina la munthu wakufa ngakhale mmodzi. Koma pitani ku manda a nkhondo a pa mseu wa ku Bagamoyo. Kumeneko miyala yoyera iri m'mizere, udzu ndi wometedwa bwino, ndipo pa miyala ya Azungu pali maina, maudindo, magulu ao ndi masiku amene anafa. Nkhondo inali imodzi, malungo anali amodzi, dothi lowakwirira ndi lomweli.

Angerezi anasenzetsa anthu pafupifupi 1,000,000 pa nkhondo ya kum'mawa kwa Africa kuno, ndipo amene anafa anali ngati 95,000, kuposa kutali asilikari amene anafa. Sanafe ndi mfuti ambiriwo. Anafa ndi kamwazi, ndi malungo, ndi chibayo, ndi njala, chakudya chiri pamutu pao. Dziko lathu laling'onolo, lotchedwa Nyasaland masiku amenewo, linapereka amuna ngati 200,000 osenza ndi ngati 19,000 a mfuti. Ponena kuti linapereka ndangolemekeza, pakuti ambiri anachita kugwidwa, mafumu ataopsezedwa ndi Boma. A kwathu ambiri sanadzere pa Kariakoo pano. Iwo anasenza cha kumwera, kuchokera ku Karonga ndi ku Mbamba Bay kumka ku Songea ndi ku Iringa, m'gulu la General Northey. Akuluakulu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya, ndipo Melvin Page, amene anayenda m'midzi kufunsa okalamba otsala, anatcha buku lake dzina lomwelo. Ku Zomba nsanja ya chikumbutso iri ndi maina a asilikari a King's African Rifles. Nanga osenza aja, amene popanda iwo msilikari sakadadya kapena kuomba mfuti, maina ao ali pa khoma liti?

Mu April 2021 bungwe loyang'anira manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linabvomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, kapena kufikira 350,000, ambiri a iwo a mu Africa muno, sanakumbukiridwe ndi maina ao, ena sanakumbukiridwe konse, ndi kuti muzu wake unali tsankho. Nduna ya za nkhondo, Ben Wallace, inaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku London nipepesa. Patapita zaka zoposa 100! Zaka zonsezo tinkauzidwa kuti anthuwo anali ochuluka, kuti mabuku anasokonezeka, kuti munthu wakuda sasamala za mwala wa pamanda. Bodza limeneli ndilo ndifuna kulithyola khosi. Anthu amene anatilamulira sanali mbuli pa kulemba maina a anthu akuda, anali akatswiri. Kuti muuone ukatswiri wao tiyeni tioloke nyanja tifike ku America, kumene makalata a nthawi ya ukapolo asungidwa ambirimbiri.

George Washington, amene anatsogolera nkhondo yomasula America kwa Angerezi, m'chaka cha 1799, chaka chimene anamwalira, analemba mndandanda wa akapolo a pa munda wake wa Mount Vernon. Anali anthu 317. Anawalemba maina, ndi nchito zao, osaiwala ana ang'ono kapena okalamba oleka nchito. Dzanja lake silinatope ai, pakuti anali kuwerenga chuma. Pa nkhondo yomweyo Angerezi analonjeza ufulu kwa akapolo amene akathawe ambuye ao opanduka ndi kudza ku mbali ya Mfumu. Nkhondo itatha mu 1783, Sir Guy Carleton anakweza anthu otere ngati 3,000 m'sitima za pamadzi ku New York, ambiri kumka nao ku Nova Scotia, ndipo alembi analemba yense wa iwo: dzina, zaka, maonekedwe, zipsera, ndi dzina la mbuye amene anamthawa. Bukulo, lotchedwa Book of Negroes, likalipo, lina ku London, lina ku Washington. M'menemo mulinso Harry Washington, amene anathawa kwa George Washington yemweyo, nakathera ku Sierra Leone. Musaganize kuti analilemba chifukwa cha ulemu. Analilemba kuti eni akapolo akadandaula padziwike yemwe ayenera kulipidwa.

Ndipo analipidwadi kwina. Angerezi pothetsa ukapolo m'maiko ao ndi lamulo la 1833 anatulutsa mapaundi 20,000,000, osati kupatsa akapolo, koma kupatsa eni akapolo. Akapolowo anali olembedwa kale m'mabuku a kalembera, chisumbu ndi chisumbu, dzina ndi dzina. Mwini aliyense analembedwanso, ndi ndalama zimene analandira kufikira sheleni ndi peni. Ngongole imene Boma linatenga pa nchito imeneyi inatha kubwezedwa mu 2015. Palibe buku linasokonezeka pamenepo, palibe dzina linabvuta kulemba.

Taonani tsono mayendedwe a cholembera chao. Munthu wakuda akakhala katundu, dzina lake silitayika. Akakhala mwini ngongole, woyenera kulipidwa iye kapena mkazi wake wamasiye, pomwepo inki imauma. Ndipo chondinyansa china ndi ichi, kuti makalata ogulitsira anthu aja lero agulitsidwanso pa fandesi m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya, olemera nawasunga m'magalasi. Munthu anagulitsidwa ali moyo, lisiti lake ligulitsidwanso iye ali m'manda, ndipo adzukulu ake saona ngakhale kobiri.

Koma sindikulemberani kuti tingolira. M'mulu womwewo wa makalata muli ena amene akapolo eni ake anamenyera nao nkhondo, ndipo awa ndiwo tiyenera kuwaphunzira. Ku Virginia kunali kapolo dzina lake James, wa mzungu wotchedwa William Armistead. Mu 1781 iye analowa mumsasa wa Angerezi ngati wothawa, namatumiza zinsinsi zao kwa kazembe wa nkhondo wa ku France, Lafayette, kufikira Angerezi anagonja ku Yorktown. Nkhondo itatha, Virginia inapanga lamulo lomasula akapolo amene anali asilikari. James anauzidwa kuti iye sanali msilikari, anali kazitape chabe, nabwezedwa ku ukapolo. Kodi mwamva fungo lake? Ndi lomwe lija la amtengatenga: unagwira nchito ya nkhondo, koma suli msilikari, tsono suwerengedwa. James sanagone. Mu 1784 analandira kalata yolembedwa ndi dzanja la Lafayette yochitira umboni za nchito yake, naiphatika pa dandaulo lake ku Nyumba ya Malamulo ya Virginia, ndipo mu 1787 anamasulidwa. Kapepala kamodzi kanachita chimene kulimba mtima kwake pa nkhondo kunalephera kuchita.

Ku Massachusetts kunali mai wina wotchedwa Bett, wosadziwa kulemba kapena kuwerenga. Anamva kuti malamulo atsopano a chigawo chimenecho anena kuti anthu onse abadwa mfulu, napita kwa loya, Theodore Sedgwick, kukafunsa ngati mau amenewo samkhudza iye. Mu 1781 bwalo linammasula, nililamula mbuye wake kulipira masheleni 30. Anadzitcha dzina latsopano, Elizabeth Freeman, ndipo chithunzithunzi chake chojambulidwa mu 1811 chikalipo, atabvala mpango woyera ndi mkanda pakhosi. Wanchito amene sanawerengepo kontrakiti yake achite manyazi ndi mai ameneyu.

Tibwerere kwathu, pakuti ukapolo sitinaumvere m'mabuku a ku America. Makolo athu anaoloka nyanja pa Nkhotakota m'ngalawa za Jumbe, magoli ali m'khosi, nayenda pansi kufikira ku Kilwa. Ndipo pano tisabise: owagwira ndi owagulitsa ambiri anali akuda anzathu, mafumu onga Makanjira ndi Mponda, ofuna mfuti, onga ndi nsaru. Msika wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma m'mbali mwa nyanja ino munatsala Anyanja ndi Ayao ambiri ali akapolo m'minda ya ngole. Ajeremani pofika anadzitama kuti adza kuthetsa ukapolo, koma sanauthetse. Anangolamula kuti ana obadwa chitatha chaka cha 1905 akhale mfulu, ndipo wamkulu wofuna kumasuka kawirikawiri ankayenera kudziombola ndi ndalama kwa mbuye wake, kenaka Boma limpatse kalata ya ufulu. Makalata otere anatuluka zikwi makumi angapo. Ukapolo unathetsedwa m'malamulo a Tanganyika mu 1922, ana a akapolowo atasenza kale katundu wa nkhondo. Ngakhale buku lomasulira mau a chinenero chathu limene linasindikizidwa mu 1877 liri ndi dzina la Johannes Rebmann pachikuto, koma mauwo anachokera m'kamwa mwa kapolo, Salimini, amene anagwidwa cha ku Lilongwe nakapezeka ku Mombasa. Ana athu a sukulu angati anamvapo za Salimini?

Munthu mmodzi wa kwathu anaiona America ndi maso ake. John Chilembwe anapitako ndi Joseph Booth mu 1897, naphunzira ku Lynchburg, m'Virginia momwemo mwa James, pakati pa anthu amene ena a iwo anabadwa akapolo. Anabwera mu 1900 namanga mishoni yake ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Mwazi utakhetsedwa ku Karonga mu September 1914, iye anatenga cholembera nalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chake osauka akuda afere nkhondo ya eni chuma, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda wowayang'anira. Anaoneratu zonse zimene ndalemba pamwambazi zisanachitike. Boma linaitsekereza kalatayo. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, pa 3 February iye anaphedwa, ndipo tchalitchi chake anachigumula. Koma kalatayo inapulumuka, ndipo George Shepperson ndi Thomas Price anaisindikiza m'buku lao la 1958. Chinapulumukanso chithunzithunzi cha 1914, iye ataima pambali pa mzungu John Chorley chipewa chiri kumutu, masiku amene munthu wakuda ankayenera kubvula chipewa pamaso pa mzungu. Mu 2022 Samson Kambalu, mwana wa kwathu, anaumba fano kuchokera pa chithunzi chimenecho, ndipo linaimikidwa pa Trafalgar Square, pakati penipeni pa London, kufikira 2024. Akadapanda wina kusunga kapepala kameneko, chipewa chija chikadakwiriridwa pamodzi ndi mwini wake.

Atsamunda anaidziwa mphamvu imeneyi koposa ife. Pochoka m'maiko athu anatentha makalata ena, ndipo ena anawakweza m'ndege ndi m'sitima mwakachetechete. Zaka makumi anai kapena asanu anakana kuti alipo. Mu 2011, okalamba a ku Kenya ozunzidwa nthawi ya Mau Mau atasumira Boma la Britain, ndipo pamene Boma linaulula kuti liri ndi mafaelo zikwizikwi obisidwa ku Hanslope Park, ochokera m'maiko oposa 30, a Nyasaland ali momwemo. Mu 2013 linalipira mapaundi 19,900,000 kwa anthu 5,228. Mlandu suola, anatero akuluakulu. Koma mlandu wopanda mboni uthera pabwalo. Kwathu moto unatentha maofesi a Boma ku Zomba mu 1919, nupsereza makalata ambiri a zaka zoyamba, kotero kuti zotsala zobalalika ku London, ku Edinburgh ndi ku Berlin n'zamtengo wapatali koposa. Kodi n'chilungamo kuti mwana wa ku Ntcheu wofuna kudziwa kumene anagwera agogo ake afunike tikiti ya ndege ndi chilolezo cholowera ku Britain, chimene mwina adzamkaniza? Ndipo asatiuzenso kuti maina sangapezeke. Mu January 2025 anatsegula chikumbutso ku Cape Town chokhala ndi maina oposa 1,700 a anchito akuda a ku South Africa amene anafa pa nkhondo yomweyo, ambiri a iwo kuno kum'mawa. Mainawo anali m'mabuku nthawi yonseyi, panalibe wowafuna.

Tsopano ndifike pa inu ndi ine. Malume anga anakumba golide zaka 11. Anabwera ndi sutikesi, wailesi ndi chifuwa chosatha. Makalata ao a ku mgodi, ndi kachitupa kokhala ndi nambala yao, anaziika m'thumba la pepala pa denga la udzu, ndipo chiswe chinadya zonse. Atamva kuti kuli ndalama za anthu akale a ku migodi, ndinawaperekeza ine ndemwe ku ofesi ina m'tauni, ulendo wa tsiku lathunthu. Kalaliki, mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wao, anafunsa funso limodzi lokha: "Nambala yanu, bambo?" Malume anatchula dzina la mgodi, dzina la kapitao, ngakhale dzina la mnzao amene mwala unamphwanya pambali pao. Kalaliki anati zonsezo wamva, koma afuna nambala. Anamwalira chaka chotsatira osalandira kanthu. Ine amene ndinapita ku sukulu ya mishoni, wodziwa zaka za mafumu a ku England, sindinaganizepo zowakopera nambala imeneyo m'kope. Mlandu umenewo ndiusenza ndekha.

Musati n'zakale. Makampani a golide a ku South Africa atasumiridwa ndi anchito odwala chifuwa cha pfumbi la miyala ndi chifuwa chachikulu, anabvomera kupereka marandi 5,000,000,000, ndipo bwalo linabvomereza mu 2019. Bungwe la Tshiamiso Trust ndilo linapatsidwa nchito yogawa, kwa amene anagwira nchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, kapena kwa amasiye ao. Amalawi ambirimbiri anapita ndi Wenela m'zaka zimenezo, kufikira ndege inagwa ku Francistown mu April 1974 nipha anyamata athu oposa 70. Koma poyamba pafunika umboni wakuti munthuyo anagwiradi nchito kumeneko. Wokhala ndi pepala ali ngati James ndi kalata ya Lafayette. Wopanda pepala ali ngati mtengatenga wa pa Kariakoo. Ndipo lero lino anyamata athu angati ali m'mashopu, m'minda ndi m'nyumba za mabwana popanda kontrakiti, olandira ndalama m'manja popanda lisiti, mapasipoti ao ali m'kabati ya bwana? Akagwa pa makwerero mawa, adzalemba ndani kuti analipo?

Chifukwa chake ndinena kwa maboma athu, a ku Lilongwe, a ku Lusaka ndi a ku Dodoma: lekani kungoika nkhata za maluwa pa zipilala mwezi wa November. Itanitsani makalata onse a maiko athu amene ali ku Ulaya, enieniwo abwere, kapena ajambulidwe onse pa ndalama za amene anawatenga, aikidwe pamene munthu wamba angawaone osalipira. Funsani mabuku a malipiro a amtengatenga, boma ndi boma, mfumu ndi mfumu, pakuti munthu amene analandira ngakhale sheleni imodzi analembedwa penapake. Nkhokwe ya makalata akale ya ku Zomba ipatsidwe ndalama zoyenera nyumba yosunga maumboni a mtundu wonse. Ndinenanso kwa atsogoleri anzanga a mabungwe a anchito: timakonda misonkhano ya m'mahotela ndi malaya olembedwa mau, koma bungwe limene liribe buku la maina a anthu ake, ndi malo ao a nchito, ndi masiku amene analowa ndi kutuluka, likuchita chimodzimodzi ndi amene anamanga chipilala chopanda maina chija.

Kwa inu anchito anzanga, chochita n'chapafupi. Pepala lirilonse la nchito, kontrakiti, lisiti la malipiro, khadi la ku chipatala, nambala ya ku mgodi, lijambuleni ndi foni, mutumize kwa mbale wodalirika kumudzi, ndipo lenilenilo muliike m'chitini chotseka, osati pa denga. Bwana akakana kukulemberani, lembani nokha m'kope tsiku ndi tsiku, mnzanu asainepo. Pasipoti yanu musaipereke m'manja mwa munthu.

Ife kuno ku Ilala tagula kope lalikulu lachikuto cholimba. Kumayambiriro kwake tikulemba amoyo, ndipo kumapeto kwake tikulemba amene anapita ku Chiwaya osabwera. Mukapita kumudzi pa Khirisimasi khalani pansi ndi agogo amene atsala, muwafunse: anatengedwa ndani m'banja lino, wa mfunda wanji, wa mudzi uti, mfumu yake ndani, anapita chaka cha njala iti, anamveka komaliza ali kuti? Lembani monga anenera, ngakhale dzina likhale limodzi lokha, mupereke kwa mlembi wa nthambi yanu atitumizire. Tsamba loyamba la kumapetoko liri ndi maina 9 kufikira lero, ndipo atatu mwa iwo ndi a mudzi umodzi.